Karimoti ka pa waya wa Discman: iwe ukudina batani ili, iko nkumamva lina

Chiperoni cha chaka chino chinatitsekera m'nyumba masiku anayi kuno ku Luchenza, dzuwa osalionako, zovala pa chingwe zongonunkha chinyontho, nde poti kunalibe kolowera a malume anatulutsa sutikesi yawo yakale ija anabwera nayo kuchoka ku Joni kuti aone ngati mapepala sanachite chuku. Pansi penipeni, m'kati mwa sokosi, munali Discman ya Sony, makina oyenda nawo osewerera ma CD, ya siliva, yozungulira ngati kambale ka ndiwo. Tinaikamo mabatire awiri a AA, CD ya kwaya inali momwemo kuyambira kalekale, ndipo ndikuuzeni, chinthucho chinalira. Mwana wa achemwali anga wa Fomu 2 anangoti kukamwa yasa, iyeyo nyimbo amadziwa za pa memori khadi ndi zotumizirana pa WhatsApp basi.

Koma chandilembetsa si kulirako ayi. Pa waya wa mahedifoni pali kachinthu kotalika ngati chala, ka mabatani, kumbuyo kwake kuli kopanira pa kolala ya shati. Ndiko karimoti. A malume anadina kuti adumphe nyimbo apite ina, nyimbo inangoima. Anadina la kuimitsa, voliyumu ndi imene inatsika. Atakanikiza mwamphamvu mpaka chala kuyera mpamene kanamvera. "Aphwanga, ichi chapenga, chakhalitsa m'sutikesi," anatero. Mwana uja akuti mwina muli vairasi kkkk. Sichinapenge, ndipo vairasi alibe polowera. Kanthuka kamanama mwa dongosolo, bodza lake lili ndi njira imodzi, ndipo ukangomvetsa chifukwa chake wamvetsanso mahedifoni a foni yako ndi mabatani a pa chiwongolero cha galimoto.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe karimotika kanabwerera. Walkman ya kaseti inatuluka mu 1979, ndipo m'kupita kwa zaka inachepa mpaka kumalowa m'thumba la shati. CD inayamba kugulitsidwa mu 1982, ndipo mu 1984 Sony anatulutsa yoyenda nayo yoyamba, D-50. Vuto nlakuti chimbale cha CD ndi masentimita 12 mulifupi mwake, ndiye kaya injiniya akhale wanzeru bwanji, makina osewerera otsekera chimbale chonse m'kati sangachepe kuposa chimbalecho. M'thumba la shati sichilowa, la thalauzi mwina ngati ndi thalauzi zija zazikulu za nthawi imeneyo. Komanso chimbalecho chimazungulira maulendo 200 mpaka 500 pa mphindi, kuwala kwa leza kukutsata kamzere kopyapyala kosaoneka ndi maso, nde ukangochigwedeza nyimbo inkadumpha. Pambuyo pake anaikamo memori yosungiratu masekondi angapo a nyimbo kuti olo chigwedezeke khutu lisadziwe, koma malo ake abwino anali m'chikwama basi, chitagona. Tsono taganizani muli mu minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Muloza, anayi anayi pa mpando, chikwama chili pansi pa miyendo, pamwamba pake thumba la ufa la mayi wina, mukufuna kudumpha nyimbo. Simungathe. Mabatani anayenera kutuluka m'chikwama kubwera pa chifuwa.

Tayang'anani pulagi yake bwinobwino ngati muli nayo. Mbali imodzi ndi kachitsulo kozungulira kaja tonse timakadziwa, ka mamilimita 3.5, kali ndi timizere tiwiri takuda togawa chitsulocho patatu. Kunsonga kumapita mawu a khutu lamanzere, pakati a khutu lamanja, kutsinde ndi giraundi, kobwerera magetsi a makutu onse awiri. Zimenezo ndi za nyimbo zokhazokha. Koma pambali pake, pa pulasitiki yomweyo, pali kena kaphanthiphanthi kokhala ndi tizitsulo tinayi tating'ono, ndipo pa Discman pafupi ndi bowo lozungulira pali kabowo kena kamakona komwe kameneka kamalowa. Apo mpamene pamadutsa nkhani za rimoti. Ine mapangidwe amenewa ndimawapatsa ulemu, chifukwa rimoti ikatayika umangotenga mahedifoni wamba a pa msika nkulowetsa m'bowo lozungulira lija, nyimbo nkumamveka bwinobwino, kabowo kamakona kali chabe. Ma Discman ena akale a m'ma 1980 anali ndi bowo lakelake lolembedwa REMOTE kutali ndi la mahedifoni, ndipo pa ena unkatha kulumikizapo kadiso kolandira rimoti ya m'manja ngati ya TV, ukaiika pa shelefu kunyumba. Makampani ena m'malo mwa kaphanthiphanthi ka pambali anangowonjezera mzere wina pa kachitsulo kozungulira komweko.

Funso lomwe linandigwira ndi ili. Karimoti ka a malume kali ndi mabatani asanu ndi awiri. Batani lililonse likanakhala ndi waya wakewake, chingwe chikanakhala chonenepa ngati cha ayironi. Koma tizitsulo ndi tinayi tokha, ndipo pa tinayito, tiwiri tokha ndi timene timagwira ntchito ya mabatani. Mawaya awiri, mabatani asanu ndi awiri. Mwana uja anati mwina kamatumiza makodi ngati rimoti ya TV. Koma rimoti ya TV ili ndi mabatire ndi ka IC kake, kaubongo ka magetsi kaja, ikaka kalibe batire olo limodzi.

Chiperoni chitatha ndinapita nako kwa mkulu wina wokonza mawailesi pa msika, uja amakhala pa khonde ndi mulu wa ma amplifaya akufa kumbuyo kwake. Anakatsegula ndi nsonga ya mpeni, mosamala chifukwa pulasitiki yakale imathetheka ngati chigoba cha dzira. M'katimo munali kabolodi kobiriwira, timabatani tasiliva, ndi tinthu takuda ting'onoting'ono ngati njere za chitowe. "Mwaona achimwene? Mulibe ubongo umu. Marezisita okhaokha. Ubongo uli uko," analoza Discman.

Rezisita ndi kanthu kopanikiza njira ya magetsi, ndipo kupanikizako amakuyeza mu ma ohm. Ife a kuno tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe, mipope ija yotenga madzi m'phiri la Mulanje popanda injini, yongodalira kutsetsereka. Madzi amabwera ndi mphamvu yake kuchokera kumtunda. Mipope yonse ya m'mudzi ikakhala yotseka, mphamvu m'paipi imakhala yodzaza, ukatsegula wako madzi amachita kuthovoka m'ndowa. Wina kumtunda akatsegula wake pang'ono, kwa iwe mphamvu imatsikako pang'ono. Akatsegula wonse, kwa iwe amangodontha. Tsono utakhala ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya madzi pa paipi, ndipo ukudziwa kuti mpope wa kwa a mfumu ndi waukulu, wa ku sukulu ndi wapakati, wa ku tchalitchi ndi wopyapyala, ukhoza kukhala pakhonde pako osadzuka nkumanena kuti pano atsegula ndi a ku sukulu. Sunaone munthu, palibe wakutumizira uthenga, wangoona mmene mphamvu yatsikira.

Ndi zomwezo basi. Discman imatumiza magetsi pang'ono kudzera pa mawaya awiri aja nkumayang'anira mphamvu yake. Batani lililonse lili ndi mlingo wake wa ma ohm. Ukadina, watsegula njira yodutsa mu mlingo umenewo, mphamvu ija nkusintha kufika pena pake podziwika.

Ndipereke manambala ongopeka ine kuti masamu aoneke, kampani iliyonse inali ndi akeake. Tinene kuti tili ndi ma volt 3, ndipo m'kati mwa Discman muli rezisita yokhazikika ya ma ohm 10,000. Usanadine kanthu, poyezera paja pamaoneka ma volt 3 onse. Ukadina batani la ma ohm 1,000, magetsi amagawana pakati pa marezisita awiriwo molingana ndi kukula kwawo, ndiye poyezera pamatsala gawo limodzi mwa magawo 11, kapena kuti 0.27. Batani la 2,200 limapereka 0.54. La 4,700 limapereka 0.96. La 10,000, poti lafanana ndi ya m'kati ija, amagawana pakati ndi pakati, 1.5. Mwaona, batani lililonse lili ndi sitepe yake ngati makwerero, nchifukwa chake amisiri amati ladder. Opanga ena anatembenuza, usanadine pamakhala ziro ndipo ukadina mphamvu imakwera, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ndipo chosangalatsa nchakuti IC ya m'kati mwa Discman siyang'ana nambala yeniyeniyo koma gawo lake poyerekeza ndi magetsi onse omwe yatumiza, ndiye mabatire akamafooka zonse zimatsikira limodzi, theka limakhalabe theka.

Mbali ya IC yomwe imayeza imatchedwa ADC, ntchito yake ndi kusandutsa mphamvu ya magetsi kukhala nambala. Ya mabiti 8 imagawa mlingo wonse m'timagawo 256, ndiye pa ma volt 3 kagawo kamodzi ndi pafupifupi 0.012, kutanthauza kuti mabatani khumi imawasiyanitsa mosavuta. Muiganizire ngati kalaliki wa pa sikelo ku esiteti ya tiyi. Iye sanapite nawo m'munda, sanaone yemwe wathyola, akungowerenga muvi wa sikelo nkulemba. Komanso pulogalamu ya m'katimo siyembekezera nambala yeniyeni ndendende, chifukwa marezisita enieni amaphonya pang'ono, ena ndi 1 peresenti ena ndi 5. Ndiye imaika malire, kuyambira apa kufika apa ndi kudumpha nyimbo, kuyambira apa kufika apo ndi kuimitsa. Chilichonse chogwera m'malire amenewo imachikhulupirira. Ilibe njira yofunsira kuti kodi bwana mwadinadi limeneli?

Apa tsopano mpamene bodza lija limalowera. Aliyense amene anathyolapo tiyi amadziwa kuti masamba a m'mawa wa mvula amalemera kuposa a masana, sikelo imawerenga tiyi ndi madzi omwe. Kalaliki amadziwa zimenezo, amachotserako. IC sidziwa. M'kati mwa kabatani muli kachitsulo kofukula ngati kachivindikiro, ukadina kamabonyoka nkukhudza kachitsulo kena pansi, kaja kamalira kuti tiki. Pakapita zaka, makamaka kuno kwathu komwe June ndi July mpweya umachita kunyowa, tizitsuloto timachita kadzimbiri kopyapyala kosaoneka, ndipo kadzimbiriko nakonso ndi rezisita. Batani la 1,000 likawonjezeredwa dzimbiri la 1,200, IC imaona 2,200, nkunena kuti eya, adina lachiwiri. Ukakanikiza kwambiri umaswa kadzimbiri kaja, chitsulo nkukhudzana ndi chitsulo, nambala nkubwerera m'malo mwake, ndi zija a malume ankachita mpaka chala kuyera.

Mkulu uja anandionetsa ndi maso. Anaika mita yake pa ma ohm, nsonga ziwiri pa tizitsulo tiwiri ta pulagi, nkundiuza kuti ndidine. Ndikadina mopepuka manambala ankangovina, kukwera kutsika osakhazikika, ndikakanikiza ankatsika nkuima malo amodzi. Batani lomwe a malume sankalikhudza kawirikawiri ndi lomwe linali loipitsitsa, poti lomwe umadinadina limadzipala lokha. Ndipo taonani, dzimbiri limangowonjezera, silichotsera, ndiye rimoti yodwala matenda amenewa imalakwitsa molowera mbali imodzi nthawi zonse, batani limasanduka mnzake wa ma ohm ochuluka, osati wa ochepa. Mukaona kuti A akusanduka B koma B sasanduka A, musavutike nkutsegula Discman, vuto lili m'karimoti kapena pa tizitsulo ta pulagi.

Pali matenda ena otsutsana ndi amenewa. Thukuta kapena madzi a mvula akalowa m'karimoti amapanga kanjira kakuba pakati pa mawaya awiri aja, magetsi nkumadutsa iwe usanadine kanthu. Apo ndiye Discman imayamba kudzilamula yokha, kudumpha nyimbo, kukweza voliyumu pakati pa usiku, ndipo ndikudziwa anthu amene akanathamangira kwa asing'anga. Thukuta ndi loipa kuposa mvula chifukwa lili ndi mchere. Kwinanso waya amaduka m'kati pafupi ndi pulagi pomwe chingwe chimapindikapindika, kunja kukuoneka bwino, ndiye rimoti imagwira ukapendeketsa mutu, ukawongola yasiya. Mankhwala a dzimbiri mkulu uja anangodontheza sipiriti pang'ono pa batani lililonse nkulidina kambirimbiri, kenako kupukuta tizitsulo ta pulagi ndi kansalu, kudikira ziume. Anandichenjeza za anthu omwe amathira mafuta ophikira kapena a makina osokera, akuti amabwera nazo kwa iye zitamata fumbi ngati chigumu, ndiponso za kupala ndi sandipepa, poti umachotsa kagolide kopyapyala kamene kamateteza chitsulocho nde pakatha mwezi dzimbiri limabwera lochuluka kuposa poyamba.

Pali tinzeru tina tomwe tili mu pulogalamu osati mu waya. Batani ukalidina silikhudza kamodzi nkukhazikika, limanjanja kaye kwa kanthawi kochepa kwambiri komwe chala sichingamve, koma IC imaona ngati wadina kasanu. Ndiye imawerenga kangapo motsatizana, ikapeza nambala yomweyomweyo mpamene imavomera. Nkhani ya kudina kamodzi kuti udumphe nyimbo ndi kugwirizira kuti uthamangitse nyimbo yomweyo kutsogolo, rezisita ndi imodzi yomweyo, IC imangowerenga nthawi yomwe chala chakhalapo. Kaswitchi kolembedwa HOLD pa rimoti nkosavuta kuposa zonse, kamangodula njira ya mabatani kuti m'minibasi muja chigongono cha mnzako chisakuimitsire nyimbo, ndipo HOLD ya pa rimoti ndi ya pa Discman ndi zosiyana, ukhoza kutseka ya m'chikwama nkumalamulabe pa chifuwa. Anthu ambiri ataya marimoti abwinobwino chifukwa cha kaswitchi kameneka, osadziwa kuti kanasuntha. Nanga ukadina mabatani awiri nthawi imodzi? Zimatengera mmene anawalumikizira. Ngati marezisita ali mondondozana pa mzere umodzi, batani lapafupi ndi poyambira limapambana, linalo ngati kulibe. Ngati lililonse lili ndi njira yake, ma ohm awiriwo amaphatikizana nkupereka nambala yachitatu yotsika kuposa onse awiri, yomwe mwina igwera pa batani lina kapena pa mpata wopanda mwini.

Tizitsulo tiwiri totsala tija ndi ta marimoti odula, aja okhala ndi kasikirini koonetsa nambala ya nyimbo, mphindi, ndi mmene batire latsalira. Amenewo ndiye ali ndi ka IC kawokawo, ndiye magetsi amatenga pa mmodzi wa mawaya a mabatani aja, totsalato nkukhala giraundi ndi waya wa uthenga weniweni wa manambala kuchokera ku Discman kupita ku sikirini. Pa waya ameneyo magetsi amangoyaka ndi kuzima mothamanga, ziro wani ziro wani, apa ndiye mwana uja akanakhoza ndi makodi ake. CD-Text, njira yolembera mayina a nyimbo pa CD, itabwera mu 1996, ndipo kenako ma Discman owerenga MP3, mayina a nyimbo nawonso anayamba kuyenda pa kawaya komweko nkumadutsa pa sikirini ngati nyerere. Koma chodabwitsa nchakuti olo pa marimoti apamwambawo, mabatani anakhalabe pa makwerero a marezisita. Njira yotsika ya manambala, njira yokwera ya ma ohm. MiniDisc ya Sony, makina osewerera tizimbale ting'onoting'ono kuposa CD, yomwe inayamba mu 1992, inadzagwiritsanso ntchito pulagi ya mtundu womwewu, nchifukwa chake rimoti ya MiniDisc nthawi zambiri imalowa pa CD Walkman, dzina lomwe Discman inadzatenga pambuyo pake, mabatani akuluakulu nkumagwira koma sikirini mwina osaonetsa kanthu poti chilankhulo cha uthengawo chinkasintha ndi mibadwo ya makina. Apple pa iPod ya 2003 anaikanso kabowo ka tizitsulo tinayi pambali pa bowo la mahedifoni, koma iwo mabatani omwe ankatumiza uthenga wa manambala.

Ndiye mukapeza karimoti pa kaunjika wa zamagetsi ku Limbuli kapena ku Bvumbwe musangoti poti pulagi ikufanana ndiye zatheka. Panalibe lamulo limodzi logwirizanitsa makampani, Sony, Panasonic, Aiwa, aliyense ankayala makwerero ake ndi pulagi yake. Olo italowa, masitepe ake akhoza kugwera pa malire ena, kapena pa mpata. Pitani ndi makina anu mukayesere pomwepo wogulitsa akuona. Ndipo pali marimoti ena, makamaka otchipa, omwe voliyumu yake si batani koma kagudumu kopukusa ndi chala. Kameneko sikalankhula ndi IC nkomwe, ndi rezisita yosinthasintha yomwe yaikidwa pa njira ya nyimbo yeniyeniyo, kamangopanikiza mawu asanafike m'khutu. Kakadetsedwa mumamva kuti kwererere mukamapukusa, kapena khutu limodzi kuzima.

Mwana uja anafunsa kuti nanga zakalezi zitithandiza chani. Ndinamuuza atulutse mahedifoni a foni yake, aja a waya okhala ndi maiki ndi timabatani titatu. Pulagi yake ili ndi timizere titatu takuda, magawo anayi, lachinayilo ndi la maiki. Ndipo mabatani amakwera pa waya wa maiki yemweyo, ndi nzeru ija ya a malume. Izi ndiye manambala ake ndi olembedwa poyera m'malamulo a Android: batani lapakati loyimitsa nyimbo kapena kuyankha foni ndi ma ohm 0, kungogundanitsa waya wa maiki ndi giraundi, lokweza voliyumu ndi 240, lotsitsa ndi 470, ndipo ngati pali lachinayi loitanira wothandiza wa mawu ndi 135. Ndiye zija mumathamanga m'mawa thukuta nkulowa m'kabatani, foni nkuyamba yokha kutsitsa voliyumu kapena kutsegula Google, si foni yagwidwa ndi mizimu, ndi kanjira kakuba kaja. Mahedifoni a Apple batani lapakati limagwira pa Android chifukwa nalonso limangogundanitsa, koma a voliyumu nthawi zambiri sagwira poti iwo anaikamo kachipangizo kotumiza zizindikiro zawozawo m'malo mwa marezisita wamba.

Palinso chisokonezo china chomwe amene tinagwirako ma Nokia ndi ma Sony Ericsson akale tikuchikumbuka. Pali mayalidwe awiri a magawo anayi aja. Mu CTIA, yomwe mafoni ambiri a masiku ano amatsata, giraundi ndi gawo lachitatu ndipo maiki ili kutsinde. Mu OMTP ziwirizi zinasinthana malo. Ukalowetsa mahedifoni a mtundu wina pa foni ya mtundu winawo, nyimbo imamveka ngati ili m'chitsime, woimba osamveka zida zokha, koma ukagwirizira batani lapakati mawu onse amabwerera bwinobwino. Chifukwa chake nchomwechija, batanilo lagundanitsa maiki ndi giraundi, ndiye kusinthana kuja kwafafanizika kwa nthawi yomwe chala chilipo.

Ngakhale m'galimoto zimenezi zilimo. Magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan wailesi yake imagwira FM kuyambira 76 kufika 90 basi, ndiye mawailesi ambiri a kuno sawapeza, anthu nkuchotsa kuikamo ina ya sikirini. Akatero mabatani a pa chiwongolero amafa, mwini galimoto nkuyamba kukangana ndi wamagetsi kuti wadula waya. Pa magalimoto ambiri mabatani amenewo ndi makwerero a marezisita pa mawaya awiri kapena atatu, ndipo wailesi yatsopanoyo ili ndi mawaya olembedwa KEY1 ndi KEY2 oyembekezera zomwezo, kungoti siyidziwa masitepe a galimoto imeneyo. Mu ma setingi muli poiphunzitsira, umadina batani pa chiwongolero, iyo nkuyeza nkusunga, iwe nkuiuza kuti limeneli ndi lokweza. Magalimoto ena atsopano mabatani amadutsa pa kompyuta ya galimoto, amenewo amafuna kabokosi komasulira.

Mkulu uja anakatseka karimoti, pulasitiki ya pakona inathetheka ndithu pang'ono, anamata ndi selotepi. Mabatani asanu ndi limodzi anabwerera m'malo mwake, lobwerera m'mbuyo lokha ndi lomwe likufunabe chala champhamvu, akuti limenelo nlofunika kusintha kabatani konse ndipo aona ngati angapeze kofanana pa bolodi ya DVD yakufa. Nditafika kunyumba mwana uja anafuna kuyesa rimotiyo pa foni yake, koma kaphanthiphanthi ka pambali kaja kanagunda thupi la foni, pulagi inangolowa theka. Anazula mahedifoni kumapeto kwa rimoti nkulowetsa okhawo. A malume anatenga Discman yawo, kuiika m'thumba la jekete, karimoti pa kolala, nkukakhala pa khonde kuyang'ana ku phiri komwe mitambo inali itayambanso kusonkhana, akudumpha nyimbo imodzi imodzi kufuna ya nambala 9.